Mfumu ya ku Siam ndi Maondo Anga

Chaka chathu chachiwiri ku North York, m'dziko la azungu kutsidya kwa nyanja, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndinagwada mu ofesi ya ahedi. Sindinaganize n'komwe. Aphunzitsi athu a mbiri yakale anandituma kukapereka envulopu, ndipo nditalowa ndinapeza bambo wamkulu waimvi atakhala pampando. Maondo anangopinda okha. Ndinapereka envulopuyo ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira m'munsi mwa chigongono, monga ndinkachitira kwa Ababa tsiku ndi tsiku. Ahediwo anadzambatuka mpaka mpando unakagunda khoma. Ankayesa ndakomoka.

Chitseko chinali chotsegula, ndipo atsikana awiri a m'kalasi mwathu amene ankadikira pabenchi anaona zonse. Pofika nthawi ya chakudya chamasana nkhani inali itafika paliponse. Ndikamadutsa m'khonde la sukulu, wina ankagwa chogwada patsogolo panga n'kundipatsira pensulo ndi manja awiri, anzake ali pambali kufa nako kuseka. Ine ndinali mwana wosayankhula. Ndinkangolambalala, maso ali pansi. Kunyumba sindinanene kanthu. Ndinangolemba m'dayale yanga kuti lero kunazizira kwambiri.

Aphunzitsi a mbiri yakale aja anali mayi wamtali, wa mtima wabwino, amene ankandibwereka mabuku awo. Tsiku lina anandiuza kuti nditsalire anzanga akatuluka.

"Kodi kunyumba umagwadanso?" anandifunsa m'Chingerezi chawo chofatsa.

Ndinavomera.

"Umagwadira ndani?"

"Ababa. Ndi alendo."

"Amayi akonso amagwada?"

"Inde."

"Nanga bambo ako amagwadira ndani?"

Yankho ndinali nalo. Ababa ankagwada popemphera, ndipo kwathu ndinawaonapo atanjuta pamaso pa amalume awo, chipewa chili m'manja. Koma Chingerezi chonenera zimenezi sichinabwere. Ndinangoyang'ana nsapato zanga, ndipo kukhala chete kwangako aphunzitsi anakumva molakwika. Anandigwira paphewa n'kundiuza kuti pasukulupo pali anthu amene ntchito yawo ndi kuthandiza ana amene amakhala mwamantha kunyumba kwawo. Anati asanawauze anthuwo, akufuna ayambe aonana okha ndi makolo anga.

Mlungu womwewo tinapatsidwa ntchito yolemba za maiko a ku Asia m'nthawi ya atsamunda. Aliyense anatola dziko lake m'kabokosi, koma ine aphunzitsi anandipatsa pamanja buku la ku laibulale, kapepala katatsekeredwa pakati. "Ili ndakusankhira dala," anatero. Linali lonena za mfumu ina ya ku Siam, dziko limene tsopano limatchedwa Thailand. Patsamba la kapepalalo panali nkhani yakuti mfumuyo inaletsa anthu ake kukwawa ndi kugona chafufumimba pamaso pake. Ndinamva ngati andipatsa mankhwala pagulu.

Foni ya aphunzitsi inawapeza Amayi atangofika kuchokera kuntchito, ku nyumba yosamalirako okalamba, asanavule n'komwe yunifolomu. Ndinkawamva akuyankha mwaulemu kuti Loweruka la mlungu wamawa lili bwino, abwere ndithu. Ataika foni pansi anatembenukira kwa ine.

"Wakawauza chiyani azungu ako?"

"Sindinanene kanthu, Amayi."

"Munthu sakwera basi m'chisanu chino kudzaona kanthu kosanenedwa." Anakhala pampando n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. "Tamvera iwe. Akabwera mayi ameneyu, uchite monga umachitira masiku onse. Ukadzaimirira ngati mtengo pamaso pa bambo ako chifukwa choti mzungu akuyang'ana, udziwe kuti wakwera ndege."

Za ndegezi sizinali zongoopseza. Azakhali anga ku Zomba anali atandipezera kale malo pasukulu ya atsikana yogonera konko, ndipo Amayi ankaitchula sukuluyo nthawi iliyonse ndikawayankha m'Chingerezi kapena ndikavala thalauzi. Mtsikana wina wa banja la kwathu lokhala ku Oakville anali atatumizidwa kale chaka chapitacho, ndipo tonse tinaona mmene mayi ake anaondera. Malawi ndinkamukonda, koma sindinkafuna kukakhalako ndekha makolo anga ali kutsidya kwa nyanja. Choncho ndikaimirira, ndege. Ndikagwada, aphunzitsi akaitana anthu awo aja kudzafunsa Ababa mafunso ngati munthu wozunza mwana, m'dziko limene tinali alendo.

Bukulo ndinayamba kuliwerenga ndi mkwiyo, m'basi, popita ndi pobwera kusukulu. Ndinkafuna kuida mfumuyo. Sizinatheke. Ndinapeza kuti inalowa ufumu ili yachichepere, yongondiposa ine pang'ono, ndipo inapeza dziko lake litapanikizidwa pakati pa zilombo ziwiri. Kum'mawa kunali Afalansa, kumadzulo ndi kummwera Angerezi, ndipo maiko oyandikana nawo anali kumezedwa limodzilimodzi. Atsamunda akafuna dziko sankanena kuti tikufuna dziko. Ankati anthu awa ndi otsalira, ali ndi akapolo, makhoti awo ndi ankhanza, tabwera kudzawathandiza. Mawu amenewo ndinawawerenga kawiri, chifukwa ankamveka ngati ndinawamvapo posachedwa.

Mfumuyo inaona kuti ndi mfuti singapambane. Inayamba kuwalanda adaniwo zifukwa zawo. Inakonza makhoti ndi kayendetsedwe ka boma, inamanga njanji, inatsegula sukulu, inatumiza ana ake kukaphunzira ku Ulaya. Ukapolo inauthetsa pang'onopang'ono, kuti eni akapolo asaukire. Inapita yokha ku Ulaya kukacheza ndi mafumu a kumeneko, n'kujambulitsa nawo zithunzi itakhala pampando wofanana ndi wawo. M'bukumo munali chithunzi chimodzi chotero, ndipo ndinachiyang'anitsitsa mpaka ndinapitirira siteji yanga. Komabe zonsezi sizinakwane. Afalansa atabwera ndi zombo zankhondo mumtsinje wa likulu, mfumuyo inapereka madera a m'malire. Pambuyo pake inaperekanso ena kwa Angerezi. Dziko linachepa, koma silinalamulidwe ndi mlendo.

Nditabwerera patsamba la kapepala lija ndinaona chinthu chimene aphunzitsi mwina sanachione. Anthu a ku Siam sanadzuke okha n'kukana kugwada. Sanauzidwenso ndi kazembe wa dziko lina. Anawauza kuti aimirire ndi munthu yemweyo amene ankamugwadirayo, ndi pakamwa pake, mlendo asanamulamule. Ndipo ulemu sunathe, chifukwa bukulo linkati anthu a kumeneko amaweramabe ndi manja ophatikiza popereka moni.

Tsono munthu amene ndinkamugwadira ine anali Ababa.

Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, Ababa ankatsika ndi dengu la zovala kupita kuchipinda chochapira pansi pa nyumba yathu yansanjika. Amayi ankagona masana amenewo chifukwa cha ntchito. Kwathu Ababa sakanagwira dengu la zovala ngakhale atawalipira, ndipo kunonso ankatsikira pamasitepe akumbuyo kuopa kukumana ndi Mmalawi m'chikepe. Ine ndinkawatsatira kukawathandiza kupinda. Kuchipinda chimenecho sindinkagwada, chifukwa pansi pankakhala ponyowa ndiponso pankadzaza anthu. Palibe anapanganapo zimenezi. Zinangokhala choncho.

Makina akuzungulira, ndinalimba mtima.

"Ababa, kodi inuyo mumafuna kuti ndizigwada?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ankanditchula kuti mayi awo, chifukwa ndinatengera dzina la agogo. "Amayi anga, funso limenelo ndi la amayi ako. Ine ndimangolandira tiyi."

"Koma ndimagwadira inu."

Anatenga malaya n'kuyamba kupinda. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira mu ofesi ya ahedi, za m'khonde, za anthu othandiza ana aja. Pamene ndinatchula anthuwo nkhope yawo inasintha, ndipo anasiya kupinda malaya amene anali m'manja. Kenako ndinawauza za mfumu ya ku Siam. Sindinayankhulepo nthawi yaitali chotero pamaso pawo chibadwire.

"Ndiye ukufuna ine ndikhale mfumu ya ku Siam," anatero nditamaliza. "Ufumu wanga ndi zipinda ziwiri ndi kakhonde kodzaza chipale chofewa."

"Mukanena inu, sakhala kuti anena aphunzitsi."

"Nanga pankhaniyi Afalansa ndi ndani, Angerezi ndi ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe.

"Usatchule," anatero akuseka. "Amayi ako amamva ngakhale ali m'tulo pansanjika yakumwamba." Anatenganso malaya aja. "Koma tandiuza. Mfumu yakoyo inangowauza anthu kuti imirirani, basi adani n'kubwerera kwawo?"

"Ayi. Inapereka madera ena."

"Eya. Ndipo m'maderamo munali anthu, amene palibe anawafunsa. Zimenezo ukalembe m'ntchito yakoyo, usakangoitama mfumuyo. Nanga iwe upereka chiyani? Amayi ako sachoka pabwalo chimanjamanja."

Izi sindinaziganizire. Ndinkayesa kuti Ababa akangolamula, nkhani yatha.

Madzulo a tsiku lomwelo, titatha kudya, Ababa anaiyamba nkhaniyo. Anayamba ndi za m'khonde la sukulu, ndipo Amayi anamvetsera. Koma atafika pa zoimirira, Amayi anaika supuni pansi.

"Bambo ake mwana, mukudziwa chimene ndimachita kuntchito tsiku lonse? Ndimagwada. Ndimagwada kuveka masokosi agogo a eni ake, kuwasambitsa mapazi, kuwamanga nsapato. Ana awo sabwera n'komwe kudzawaona. Pamenepo palibe amaimba foni kufunsa ngati ndili ndi mantha. Ndikafika pakhomo panga n'kugwadira munthu amene ndamusankha ndekha, ndiye pabwere mzungu kudzaona?"

Mawuwo anali oona, ndipo mpaka lero ndimawaona kuti ndi oona.

"Sindikunena za inu, amake mwana," Ababa anatero mofatsa. "Inu muchite monga mtima wanu ufunira. Ndikunena za mwanayu, ndipo ndikunena ndine, osati mphunzitsi. Kwa ine aziimirira. Azipereka ndi manja awiri, apinde maondo pang'ono, zakwana. Alendo a kuno chimodzimodzi."

"Nanga akabwera akuluakulu a kwathu? Abusa? Amayi a chigwirizano? Aziwapatsa madzi ali chilili ngati wogulitsa m'sitolo?"

"Amenewo ndiziwagwadira," ndinatero ine. Mawu anga anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Oho, kazembe wayankhula. Lero mwachotsa maondo. Mawa muchotsa chiyani? Lilime latsala pang'ono kale. Ndikakuitana umati chiyani m'Chingerezi chakocho? 'Kaming'i!' Ndine mnzako wa kusukulu ine?"

"Ndisiya, Amayi."

"Usiya bwanji?"

"Chingerezi chizithera m'chikepe. Ndikalowa pakhomo pano, Chichewa chokha."

"Ngakhale pafoni ndi anzako?"

Ababa anatsokomola. "Pafoni ndi kunja kwa malire, amake mwana."

Amayi sanaseke, koma ndinaona kuti ayamba kuwerengera. Anati thalauzi ndizivala popita kusukulu pokha m'nyengo yachisanu, osati kutchalitchi kapena pamaso pa alendo. Ndinavomera msanga, chifukwa chimenecho sichinandipweteke. Kenako ananena chimene ankafunadi.

"Ndipo Loweruka masana uzipita nane kwa amayi a chigwirizano ku Markham. Uzikaphika nawo, uzikamva mmene anthu amayankhulira. Zotsetsereka pa ayezi zija zithe."

Apa mpamene panandipweteka. Loweruka masana ndinkapita kubwalo la ayezi la pafupi ndi kwathu ndi mtsikana wa pansanjika yachitatu, mnzanga yekhayo amene ndinali naye m'dziko lonselo. Pa ayezi sipafunika kuyankhula, ndipo ndinali nditayamba kutha kubwerera chambuyo osagwa. Ndinayang'ana Ababa. Iwo anayang'ana m'kapu mwawo. Ndinadziwa kuti pamenepa sandithandiza, ndipo ndinadziwanso kuti ndikakana, zonse zimene tagwirizana zigwa.

"Chabwino, Amayi."

"Za ndege sindinanene kanthu," Amayi anatero akusonkhanitsa mbale. "Tiona Loweruka."

Aphunzitsi anafika masana, mphuno itafiira ndi chisanu, atanyamula maluwa okulunga m'pepala. Anavula majombo awo pakhomo osauzidwa, ndipo Amayi anachiona chimenecho. Ababa anawakhazika pasofa, iwo n'kukhala pampando wawo wa pawindo. Anayamba kukamba za basi, za chipale, za maphunziro a Ababa ku yunivesite. Ine ndinali kukhitchini, thileyi ili m'manja, makapu akugundana.

"Manja ako akuimba belu," Amayi anandinong'oneza. "Pita."

Ndinalowa. Ndinaika thileyi patebulo, ndinathira tiyi, ndinapereka kapu kwa aphunzitsi ndi manja awiri nditapinda maondo pang'ono. Ndinachita chimodzimodzi kwa Ababa. Kuimirira pamaso pawo ndi kapu m'manja kunandivuta kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinkaona pakati pamutu pawo pamene tsitsi linayamba kuthothoka, malo amene sindinawaonepo. Ababa analandira kapuyo n'kunena kuti, "Zikomo, amayi anga," ngati takhala tikuchita zimenezi zaka zonse.

Aphunzitsi anapuma mpweya wautali, mapewa awo n'kutsika.

Kenako analowa Amayi, atavala chitenje chawo chatsopano ndi duku, mbale ya mandasi ili m'manja. Anayenda mosafulumira mpaka pamaso pa aphunzitsi, n'kugwada pakapeti ndi maondo onse awiri, msana uli chilili. Anawayang'ana m'maso n'kuwafunsa m'Chingerezi chawo cha kuntchito, chija cholamulira odwala, ngati adya awiri kapena atatu.

Aphunzitsi anasowa pogwira. Anayamba kudzuka, anakhalanso, kenako anatsetsereka pasofa n'kukhala pansi pakapeti pafupi ndi Amayi, kapu ili m'manja, miyendo yawo yaitali itasowa kolowera. Amayi sanasunthe. Anangowasendezera mbaleyo pafupi. Ine ndinali chiimire pakhoma.

"Tsono ine ndatsala ndekha kumwamba kuno," Ababa anatero m'Chichewa, kenako anabwereza m'Chingerezi. Aphunzitsi anaseka mpaka tiyi anatayikira m'sosala, ndipo Amayi nawo anamwetulira pang'ono.

Atakhala pansi pomwepo, aphunzitsi anafunsa za kugwada, tsopano mwa munthu wofuna kudziwa. Ababa anawauza kuti mwanayu amuuza iwo eni kuti aziimirira pamaso pawo, koma akuluakulu a kwathu aziwagwadirabe. "Amayi akewa ndiye sindingawauze chilichonse," anatero. "Ndinayesapo kamodzi titangokwatirana." Amayi anafotokoza okha kuti kwathu munthu sapatsa wamkulu chinthu atamuimirira pamutu, ndipo mlendo wolowa m'nyumba mwako ndi wamkulu ngakhale akhale wamng'ono. Anawafunsanso aphunzitsiwo ngati amayi awo ali moyo, ndiponso amakhala ndi ndani. Anacheza nthawi yaitali kuposa mmene tonse tinkayembekezera.

Pochoka, Amayi anandituma kuti ndiwaperekeze mpaka pachikepe. Tikudikira, aphunzitsi anawerama kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga.

"Ndikufunsa kamodzi kokha, ndipo undiuze zoona. Kodi umachita mantha kunyumba kwanu?"

Chikepe chinali chisanafike, koma ndinaona kuti pano ndi pamalire, Chingerezi chikuloledwa. Ndinawayang'ana m'maso monga anachitira Amayi.

"Ayi. Ndimachita mantha m'khonde la kusukulu."

Anaimirira pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti m'khondemo mumachitika chiyani, ndipo ndinawauza, osatchula maina. Sankadziwa. Anati za anthu othandiza ana aja ndiziiwale, ndipo za m'khonde aziona iwo Lolemba. Anachitadi zimenezo, ngakhale kuti panapita milungu ingapo kuti mapensulo asiyiretu kundipeza.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza Amayi akutsuka makapu. Ndinatenga kansalu n'kuyamba kupukuta. Tinagwira ntchitoyo mpaka kapu yomaliza.

"Mayi uja miyendo ngati ya kakowa," anatero. "Koma majombo anavula." Anatseka mpopi n'kupukuta manja pachitenje. "Azakhali ako ndiwauza kuti malo aja apatse mwana wina. Loweruka likubwerali tinyamuka tikangodya chamasana, basi ya ku Markham sidikira munthu. Ukamuuze mnzako wa pansi uja asakudikire."

Ndinatsika kukamuuza tsiku lomwelo.